Andiyeza akuti ndilibe malungo, koma thupi langa ndimalidziwa

Kabaza_wa_36
Abale mundithandize nzeru. Thupi laphwanya lonse, mutu ukuwawa cha kumasoku, usiku ndikumanjenjemera mpaka kufunda bulangete chonsecho kunja kukutentha, mkamwa mowawa olo tiyi sakukoma. Ndapita ku kiliniki ya kwathu kuno andibaya pachala, ndadikira, kenako akuti mulibe malungo nayi Panado kazipitani mukapanda kusintha mubwerenso. Koma ine malungo anga ndimawadziwa, amayamba chonchi kuyambira ndili mwana. Nde ndikuganiza zongogula LA pa famase ndimwe basi, njingayi ndi ya eni ndipo bwana safuna kumva zoti wadwala amafuna yake madzulo. Timakina tawo timeneti sitinama koma?

Mbewa_Yootcha
Gulani LA aise, mwini thupi ndinu. Ine sindiyezetsa nkomwe, mawondo akangoyamba kulemera ndimadziwa kuti afika alendo aja

MayiWaMapasa
A Mbewa nde muphetsa anthu inu

Chinsapo_Boy
Mwadya mango osapsa inu kkkkk nyengo yake ndi ino

Nesi_Wopuma
Achimwene a Kabaza pepani ndi thupi. Ndiyankha motalika pang'ono poti funso limeneli ndinkalimva tsiku ndi tsiku ndili pa ntchito. Kachipangizo kaja kamafufuza m'dontho la magazi ngati muli tizilombo ta malungo, pakatha mphindi 15 kapena 20 kamaonetsa mizere, iwiri ndiye kuti alipo, umodzi ndiye kuti mulibe. Sindinganene kuti sikalakwitsa, koma kulakwitsa kwake kodziwika ndi kwina: munthu wamwa LA wachira bwinobwino, iko nkumaonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo. Zoti malungo akhale ochuluka mpaka kukunjenjemeretsani iko osawaona, sizichitikachitika.

Tsono zomwe mwatchulazo si za malungo okha. Chimfine chachikulu chimayamba choncho, taifodi choncho, chibayo, zilonda zapakhosi, matenda a njira ya mkodzo, ngakhale chithupsa chimene chikusonkhanitsa mafinya penapake. Mukamwa LA pomwe vuto ndi taifodi ndiye kuti mwataya masiku atatu mukudikira kuchira, matenda enieniwo akukhazikika. Imwani Panado yo ndi madzi ambiri, mawa kapena mkuja mukaona kuti palibe kusintha bwererani ndi buku lanu lomwelo, muwapemphe akayang'anenso magazi pa maikulosikopu. Koma mukayamba kusanza chilichonse chomwe mwadya, khosi kuuma, kupuma mobanika kapena kubwebweta, musadikire kuti kuche.

Mbewa_Yootcha
Nanga bwanji ine ndikamwa LA ndimachira amayi?

Nesi_Wopuma
Mwina nthawi zina amakhaladi malungo. Nthawi zina chimakhala chimfine choti chikanatha chokha, ulemu nkupita kwa LA. Ndipo ndikufunseni, mumamaliza onse? LA ndi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, munthu wamkulu mapiritsi 4 nthawi iliyonse, onse pamodzi 24. Ambiri amamwa tsiku limodzi akamva bwino otsalawo nkusunga mu kabati kudikira mwana adwale. Akuluakulu mukukumbuka kolokwini, anasiya kugwira ntchito mpaka boma linamuchotsa mu 1993 nkubweretsa Fansidar, naye Fansidar anafooka, LA anabwera mu 2007. Tikamuseweretsa ameneyu tilowera kuti.

Mbewa_Yootcha
Za mu kabatizo nde mwandipeza kkkk

Sir_wa_ku_Mitundu
Ya mango ija tisaiseke, ana anga a Standard 7 amandiyankha zomwezo, ena amati nzimbe, ena chimanga chachiwisi, ena kunyowa ndi mvula. Ndipo maso awo sanawanamize, anthu amadwaladi kwambiri nthawi imeneyo. Kungoti mango, mondokwa ndi mvula zimabwera limodzi ndi zithaphwi, ndipo m'zithaphwimo ndi momwe udzudzu ukuswana. Munthu amakumbuka bango lomwe wadya dzulo, sakumbuka udzudzu womwe unamuluma usiku sabata yatha kapena yapitayo, poti malungo satulukira tsiku lomwelo. Paja katemera wa malungo wa ana uja anayambira kwathu kuno ku Mitundu mu April 2019, dziko lathu ndi lomwe linayamba, koma mpaka lero kuli makolo oletsa ana mango nkuwagoneka popanda neti.

Chinsapo_Boy
Neti imabweretsa nsikidzi sir, musatinamize

Achimwene_a_Biwi
Komanso imafoola abambo, ndinamva

MayiWaMapasa
Munamva kwa ndani? Ife mapasa tinabereka tikugona mu neti yomweyo. Mufufuze chifukwa china achimwene

Chinsapo_Boy
kkkkkkkk amayi mwapha munthu

Sir_wa_ku_Mitundu
Nsikidzi zimakhala zilipo kale m'ming'alu ya khoma ndi m'mphasa. Koma ma neti ambiri ndikuwaona atchinga nazale ya tomato ndi anapiye, kumeneko nde akugwira ntchito bwino zedi.

Dalaivala_Lumbadzi
Ine ndiikire kumbuyo a Kabaza pang'ono. Anthu sitikhulupirira zotsatira chifukwa cha mmene amatiuzira. Wadzuka 5 koloko, wakhala pa benchi mpaka dzuwa pamutu, ukalowa usanamalize nkomwe kufotokoza munthu walemba kale m'buku osakuyang'ana kumaso, "mulibe malungo, wina alowe". Nde ngati ndilibe malungo ndili ndi chani? Palibe amakuuza. Umatuluka ndi Panado yemwe ukanagula pa okala, ndipo mumtima umangoti awa sanandipeze matenda. Pomwe ukapita kwa asing'anga amakukhazika pa mphasa, amakufunsa za kunyumba, za maloto, za amene munayambana naye, ukamachoka umakhala ndi dzina la vuto lako olo likhale labodza. Munthu wodwala amafuna auzidwe chomwe chikumudya.

Nesi_Wopuma
Apa sindikutsutsani bambo. Ndingowonjezera kuti amene akulemba mwachanguyo kunja kwa chitseko kumakhala mzere wofika pa geti ndipo ali yekha. Koma zoona, mawu awiri okha oti "zikuoneka ngati chimfine, chikapitirira mubwere" amasintha zambiri. Inunso muzifunsa, ndi ufulu wanu, safunsa anadya phula.

Zaku25
Nde kuli tima kiliniki tina tolipira, ukangolowa ndi mutu basi taifodi. Mwezi wamawa taifodi. Nyumba yonse taifodi. Dilipi, jakisoni, bilu

Dalaivala_Lumbadzi
Koma anthu amatuluka osangalala, poti apatsidwa dzina ndi jakisoni. Mayi anga ukapanda kuwabaya amati sanathandizidwe

Mlongo_wa_Kauma
Nkhani ya dzina la matendayi yandikumbutsa malume anga. Anadzuka bwinobwino, akusamba nkugwa kubafa, pakamwa kupotokera mbali imodzi, dzanja ndi mwendo wakumanja osagwira, mawu osamveka. Kunyumba konse kunalibe amene anatchula BP. Nkhani inali yoti aponyeredwa, poti mwezi womwewo anali atakangana ndi msuweni wawo za malire a munda ku Nathenje, ndipo msuweniyo anati tiona. Mawu oti tiona amenewo anakhala umboni wonse. Anayamba kaye kwa asing'anga, anawatema mphini mbali yonse yakufayo, ku chipatala anafika mochedwa ndipo atawayeza BP inali kumwamba koopsa. Pano akuyenda ndi ndodo, akumwa mankhwala, koma mabanja awiriwo salankhulana olo pa maliro.

Agogo_a_Likuni
Mwana wanga, nanga poti BP yo inasankha mwezi womwewo wa mkangano? Inu ana a masiku ano zonse mumati sayansi. Zinthu zilipo kunja kuno.

Mlongo_wa_Kauma
Agogo BP yo inalipo kale zaka, kungoti sankayezetsa. Mkanganowo mwina unangoikweza

Nesi_Wopuma
BP ndi yovuta kuimvetsa chifukwa ambiri samva kalikonse. Anthu amadikira mutu wa kunkhongo kapena mtima kuthamanga, ena amati ine ndine woonda BP ndi ya mabwana a mimba. Ndayezapo amayi oonda ogulitsa makala ali ndi BP yoposa ya bwana aliyense. Ikamapezeka 140/90 kapena kuposa pamenepo maulendo angapo, ndiye kuti ilipo. Ndipo mankhwala ake si a mutu oti mumwe pomwe wawawa, ndi a tsiku ndi tsiku. Amene amandimvetsa chisoni ndi oti amwa mwezi umodzi, ayezetsa yatsika, basi ndachira, nkusamukira ku adyo ndi chamwamba. Yatsika chifukwa cha mapiritsi omwe mwasiyawo. Agogo, za kunja kuno ine sindilimbana nanu, pempho langa ndi loti munthu akapotoka pakamwa, dzanja kulefuka, lilime kulemera, yambani mwathamangira ku chipatala cha Central, zokambirana za banja zibwere pambuyo.

Dr_Zitsamba_Original
Moni nonse. Tili ndi mankhwala achilengedwe ochapa magazi, amachiza BP, shuga, zilonda za m'mimba, nyamakazi, kusabereka, mphamvu za abambo komanso kubweza wokondedwa. Inbox

Adimini
A Dokotala uthenga wotere ukabweranso tikutulutsani. Botolo limodzi BP ndi wokondedwa yemwe?

Zaku25
Wokondedwayo ndi amene amakweza BP yo adimini, nde mankhwala ndi amodzi kkkk

Agogo_a_Likuni
Sekani, koma ndikufunseni a Nesi. Tsempho mulikana? Ine ndaona ndi maso angawa mwana kutupa mapazi, masaya, tsitsi kufiira nkumathothoka, chifukwa bambo wake anayenda panja mwana asanatengedwe kumphasa. Akuluakulu atakhala pansi bamboyo anavomera yekha. Mawu a akulu akoma akagonera.

MayiWaMapasa
Agogo mwamuna uti amene atapanikizidwa ndi ankhoswe angasowe chovomera

Nesi_Wopuma
Agogo zomwe munaonazo ndi zoona, mwanayo anatupadi, ndipo ana otere ndawasamalira ambiri. Ife timati kunyentchera kotupikana. Yesani chonchi: dinikizani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka 3, mukachotsa nkutsala tizenje ndiye kuti ndi madzi amenewo si kunenepa. Tsitsi limafiira nkupyapyala, khungu limasupuka, mwana amangonyong'onyeka osafuna kudya. Kawirikawiri mukafunsa bwino mumapeza kuti anamusiyitsa bere mwadzidzidzi poti mayi aima, paja timati mkaka wa woyembekezera umadwalitsa mwana zomwe si zoona, kenako nkumangomupatsa phala la ufa woyera lamadzimadzi lopanda nsinjiro, kapena wakhala akutsegula m'mimba nthawi yaitali. Chiponde cha ku chipatala ndi chaulere, wotupa kwambiri amamugoneka kaye nkuyamba ndi mkaka wapadera. Mwana wotere akhoza kutisiya pomwe akuluakulu akuzenga mlandu wa bambo ake.

Sir_wa_ku_Mitundu
Ine ndimaona kuti makolo anali ndi nzeru yawo pa mdulo ndi tsempho. Lamulo limeneli linkamanga mwamuna kuti akhale pakhomo mkazi ali ndi pakati kapena mwana ali wakhanda, linkathandizanso kuti asatumbize. Ndipo bambo woyendayenda ndi yemweyo amene ndalama ya ndiwo imathera kwina, nde mwana wake kutupa sizodabwitsa. Anaona kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Pomwe ndimasiyana nawo ndi pa mankhwala ake, ndi paja amaloza mayi kuti wathira mchere m'ndiwo ali kumwezi. Nthawi zambiri mlandu umathera pa mkazi.

Agogo_a_Likuni
Aphunzitsi mwayankhula mwaulemu. Koma ine mdzukulu wanga ndidzamupititsa ku sikelo ndipo mwambo ndidzachitanso, zonse ziwiri

Nesi_Wopuma
Bola muyambe ku sikeloko agogo, ndipo zomwetsa wakhanda ayi, miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha

MayiWaMapasa
Nanga za liwombo? Apongozi anga mmodzi mwa mapasawa atatsegula m'mimba liwombo linalowa mkati, iwo anabwera ndi zakuda zomata pamutu akuti likwere. Ine ndinawasiya amate poti ukakana umakhala mkazi wamwano, koma mwana ndinamubereka kupita naye kwa alangizi a zaumoyo. Anati liwombo likalowa ndiye kuti madzi atha m'thupi, anandionetsa kutsina khungu la pamimba limabwerera mochedwa, maso olowa, kulira kopanda misozi. Thanzi ORS paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, kumamwetsa pang'onopang'ono ndi sipuni, zinki, ndi kuyamwitsa osasiya. Litakwera apongozi anati mwaona mankhwala anga. Ndinangoti zikomo amayi.

Zaku25
Ukwati umafuna nzeru zimenezo kkkk

Dalaivala_Lumbadzi
Kolera ija ya 2022 mpaka 2023 inatiphunzitsa za madzi m'thupi. Inayambira ku Machinga mu March 2022, pofika January 2023 sukulu za mu Lilongwe muno ndi ku Blantyre anachedwetsa kutsegulira, anthu oposa 1,700 anapita dziko lonse. Ambiri ankati ndadya china chake chitha chokha, ena kumwa Flagyl wa pa okala, chonsecho chimbudzi chikutuluka ngati madzi otsukira mpunga ndipo munthu wamkulu amatha kuuma tsiku lomwelo. Ena ankabisa odwala kuopa kuti akamwalira ku tenti maliro sakhala a mwambo.

Kabaza_wa_36
Ndikuwerenga zonse abale. LA sindinagule, mphuno zayamba kutuluka chimfine ndipo pakhosi pakukanda. Ndiona mmene kuchere

Mbewa_Yootcha
Malungo a chimfine amenewo aise

MayiWaMapasa
A Mbewa pumani

Mtsikana_wa_Mchesi
Ine yanga ndi ya kuonda. Asisi anga anayamba kutha thupi, masiketi onse kumangidwa ndi pini, ludzu losatha, usiku kutuluka panja kambirimbiri. Mu layini mwathu anthu anamaliza kale kuwayeza ndi maso, "ndi zomwezi", ena mpaka kumawerenga zibwenzi zawo zakale pa mpopi. Iwonso anakhulupirira, nkumaopa kupita kukayezetsa, miyezi kumapita. Tsiku lomwe analimba mtima HIV sanawapeze nayo, nesi ndi amene anati tiyezenso shuga, inali yokwera zedi. Iwo kudabwa kuti shuga bwanji ine tiyi ndimamwa mwa apo ndi apo, galimoto ndilibe. Zomwe zinandipweteka ine nzoti olo ikanakhala HIV yo, ma ARV ndi aulere kuyambira 2004, anthu akumwa ali ndi thanzi kuposa ife, nde manyazi amenewa akutipheranji.

Nesi_Wopuma
Mwachita bwino kuitchula. Ludzu, kukodza pafupipafupi, kuonda uku ukudya, chilonda chosapola makamaka kuphazi, maso kuchita chifunga, nyerere kudzadza pomwe mwakodza, kayezetseni shuga, nako ndi kubaya pachala basi. TB nayo imaondetsa, ndipo imanamiziridwa kwambiri, ena amati ndi mdulo wa pachifuwa ena amati wadyetsedwa. Chifuwa chopitirira masabata awiri, thukuta la usiku, kutentha thupi madzulo, kaperekeni makhololo. Mankhwala ndi aulere, miyezi 6, ndipo imachizika.

Achimwene_a_Biwi
Ife tikukula ku Salima mnyamata akayamba kukodza magazi tinkamuuza kuti wakula tsopano, amene sanayambe ankachita manyazi. Likodzo lija. Mpaka anabwera ku sukulu ndi mapiritsi akuluakulu aja oyeza msinkhu pa ndodo, owawa, ukamwa osadya umaona chizungulire

Sir_wa_ku_Mitundu
Praziquantel ameneyo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha nkulowa pakhungu posamba kapena pochapa, si ku nyanja kokha olo madamu a kuno. Atsikana nawo amadwala, kungoti iwo amabisa kuopa kuti anthu aziti ndi matenda a chiwerewere.

Zaku25
Funso langa a Nesi, Sobo wofiira uja ndi chidede zimawonjezeradi magazi? Akazi anga oyembekezera anauzidwa kuti magazi achepa nde kunyumba kwadzadza zofiira, mpaka masamba a mapeyala akuwiritsidwa

Nesi_Wopuma
Kufiira kwa chakumwa sikupita m'mitsempha bambo, Sobo ndi shuga ndi mtundu basi. Amwe mapiritsi a ayironi omwe anapatsidwa ku sikelo aja olo akuwanyansa, chimbudzi chikada asadabwe ndi momwe amachitira. Adye nyemba, usipa, chiwindi mwa apo ndi apo, bonongwe, chisoso, nkhwani, ndipo tiyi asamwere pa chakudya. Fansidar wa amayi oyembekezera asadumphe, poti malungo ndi amene amatha magazi kwambiri. Akayamba kupuma mwawefuwefu, m'manja ndi m'zikope kuyera, musadikire tsiku la sikelo. Mutha kuimbanso ku Chipatala cha pa Foni, ndi ulere.

Mlongo_wa_Kauma
Poti a Nesi muli pompano, kwa aneba kuli mwana amagwa khunyu. Tsiku lina anagwa pafupi ndi mbaula anthu onse kuthawa akuti akatulutsa mpweya kapena thovu likakukhudza watengera. Mayi ake okha ndi amene anamukoka, nkumukanikiza sipuni mkamwa

Nesi_Wopuma
Khunyu sapatsirana, kaya thovu kaya mpweya kaya kudyera mbale imodzi. Sipuni ayi, imathyola mano ndipo lilime munthu sangalimeze. Chotsani moto ndi zinthu zoti zingamupweteke, muikeni kansalu kunsi kwa mutu, kugwedezeka kukasiya mugonekeni chammbali, osamumwetsa kanthu mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Kukapitirira mphindi 5 thamangani naye. Mankhwala oletsa kugwa alipo ku chipatala, akamamwa mosadumphitsa ambiri amasiya kugwa nkumapita ku sukulu. Koma musiyanitse, mwana wamng'ono amene watentha thupi nkuyamba kugwedezeka koyamba, ameneyo musamutchule wakhunyu kapena kuti amulowa mizimu, akhoza kukhala malungo a mu ubongo kapena meninjaitisi, ndi wa ku chipatala usiku womwewo.

Agogo_a_Likuni
Kwathu wakhunyu akapsa ndi moto timati sachiranso

Nesi_Wopuma
Amachira agogo, kungoti akapsa anthu amataya mtima nkusiya kumutengera mankhwala. A Mlongo auzeni mayi akewo apite naye ndi buku lake, akafotokoze kuti amagwa kangati pa mwezi komanso amatenga nthawi yaitali bwanji.

Mlongo_wa_Kauma
Ndiwauza, koma bambo ake ndi a mpingo uja woletsa mapiritsi, nde ndiyambira kwa mayiwo bamboyo akapita ku ntchito